Kutoperatu pa ntchito pakati pa akatswiri oteteza makompyuta ndi intaneti

Maboma, mabanki, zipatala ndi makampani akuluakulu m'maiko ambiri tsopano amasunga ndalama, malipiro a antchito, ziphaso za nzika komanso zinsinsi zawo m'makompyuta olumikizidwa pa intaneti. Pofuna kuti zinthuzi zisabedwe kapena kuonongedwa, mabungwewa amalemba akatswiri omwe udindo wawo ndi kulondera makinawa usana ndi usiku. Ntchitoyi ndi imodzi mwa ntchito zomwe zikudandaulidwa kwambiri pa nkhani ya kupanikizika m'maganizo ndi kutoperatu, vuto lomwe pa Chingerezi amalitcha burnout.

Vutoli limakhudza thanzi la wogwira ntchito, komanso limakhudza chitetezo cha bungwe lonse, chifukwa mlonda wotopa amaodzera, ndipo akasiya ntchito amapita ndi nzeru zonse zomwe anasonkhanitsa pa makina a bungwelo. Mchaka cha 2023 kampani yofufuza za luso lamakono ya Gartner inalosera kuti pofika 2025 pafupifupi theka la akuluakulu oyang'anira chitetezo cha makompyuta adzakhala atasintha ntchito, ndipo 25 mwa 100 alionse adzapita ku ntchito zina zosiyaniratu kamba ka kupanikizika.

Tanthauzo la kutoperatu

Katswiri wa za maganizo Herbert Freudenberger wa ku New York ndi amene anatchukitsa mawu akuti burnout mchaka cha 1974, atawona momwe anthu ongodzipereka pa chipatala china chaulere ankafookera ndi kutaya chidwi pakatha miyezi ingapo akugwira ntchito mwakhama. Mchaka cha 1981 Christina Maslach wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, mogwirizana ndi Susan Jackson, anakonza ndondomeko ya mafunso yoyezera vutoli, yomwe ofufuza akuigwiritsabe ntchito.

Mu Meyi 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linafotokoza vutoli m'buku lake la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. Bungweli silinaike kutoperatu m'gulu la matenda. Linati ndi vuto lochokera ku ntchito, lomwe limabwera pamene kupanikizika kwa nthawi yaitali kwalephera kuthetsedwa. Linatchula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kutaya mtima pa ntchito n'kumaiona ngati yopanda pake, ndi kuchepa kwa luso lomwe munthu anali nalo kale.

Pali kusiyana pakati pa kutopa wamba ndi kutoperatu. Munthu wotopa akagona bwino kapena akapita kutchuthi amabwerako ali ndi mphamvu. Munthu wotoperatu amabwerako kutchuthi ali chimodzimodzi, chifukwa zomwe zinamufooketsa zimakhala zikumudikira pa desiki pake. N'chifukwa chake akatswiri amatsindika kuti gwero la vutoli ndi kayendetsedwe ka ntchito, ndipo uphungu woperekedwa kwa munthu payekha suthetsa vuto ngati kagawidwe ka ntchito sikanasinthe.

Momwe ntchitoyi imakhalira

M'mabungwe akuluakulu muli chipinda chapadera chomwe akatswiri amakhala akuyang'anira zochitika zonse pa makina a bungwe. Mapulogalamu olondera amatumiza chenjezo nthawi iliyonse akaona chachilendo, monga munthu yemwe walephera kangapo kulowa ndi nambala yachinsinsi, kompyuta yomwe yayamba kutumiza uthenga wochuluka kunja kwa dziko pakati pa usiku, kapena kalata ya pa intaneti yokhala ndi pulogalamu yokayikitsa. Wogwira ntchito amayenera kuunika chenjezo lililonse n'kugamula ngati ndi chiwembu chenicheni kapena ayi.

Gulu lina limakhala lodikira ngozi. Chiwembu chikatsimikizika, gululi limathamangira kutseka makina omwe alowedwa, kufufuza njira yomwe mbava zinadutsa, kubwezeretsa uthenga womwe waonongeka ndi kulemba malipoti opita kwa akuluakulu, apolisi ndi mabungwe oyang'anira malamulo. Ntchitoyi imatha kutenga masabata angapo. Pamwamba pa onsewa pamakhala mkulu wa chitetezo cha uthenga, yemwe amayankha mafunso a bodi kapena a nduna zinthu zikalakwika.

M'mabungwe ang'onoang'ono, kuphatikizapo nthambi zambiri za boma m'maiko osauka, ntchito zonsezi zimagwera munthu mmodzi kapena awiri, omwenso amakonza makina osindikizira makalata, kulumikiza mawaya ndi kuthandiza anzawo omwe aiwala nambala zawo zachinsinsi.

Machenjezo ochuluka

Chinthu choyamba chomwe chimafooketsa akatswiriwa ndi kuchuluka kwa machenjezo, omwe ambiri mwa iwo amapezeka kuti ndi opanda vuto. Munthu akaunika machenjezo mazana angapo osapezamo kanthu, maso ndi maganizo ake amazolowera kungodutsa, ndipo chenjezo lenileni likafika limaoneka ngati anzake aja.

Vutoli ndi lodziwika kuyambira kale. Mchaka cha 1948 Norman Mackworth wa ku Britain, yemwe ankafufuza chifukwa chomwe asilikali oyang'anira makina a radar ankaphonyera zizindikiro za adani pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anapeza kuti tcheru cha munthu woyang'anira chinthu chosasinthasintha chimayamba kutsika pakangotha mphindi 30.

Chitsanzo chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha kampani ya masitolo ya Target ku America. Chakumapeto kwa chaka cha 2013 mbava zinaba manambala a makadi a ku banki okwana pafupifupi 40 miliyoni. Lipoti la komiti ina ya nyumba ya malamulo ya Senate lomwe linatuluka mu Malichi 2014 linasonyeza kuti mapulogalamu olondera a kampaniyo anapereka machenjezo kangapo, koma palibe chomwe chinachitika pa nthawi yake. Mkulu wa nthambi ya makompyuta anatula pansi udindo mu Malichi 2014, ndipo mkulu wa kampani yonse anachokanso mu Meyi chaka chomwecho.

Chiwembu chimabwera pa nthawi yopuma

Mbava za pa intaneti zimadziwa kuti maofesi amakhala ndi anthu ochepa usiku, kumapeto kwa sabata ndi pa masiku a tchuthi, choncho zimasankha dala nthawi zoterezi.

Mu Febuluwale 2016 mbava zinalowa m'makina a banki yaikulu ya dziko la Bangladesh ndi kutumiza malamulo abodza ku banki ya Federal Reserve ya ku New York oti itulutse ndalama zokwana pafupifupi madola 1 biliyoni a ku America. Malamulowo anatumizidwa usiku wa Lachinayi, podziwa kuti ku Bangladesh tsiku lopuma limayamba Lachisanu. Pamene akuluakulu a ku Dhaka ankazindikira zomwe zachitika, ku New York kunali kutatsekedwa chifukwa cha Loweruka ndi Lamulungu, ndipo Lolemba lotsatira linali tsiku la tchuthi ku Philippines komwe ndalamazo zinapita. Madola 81 miliyoni anafika m'manja mwa mbavazo, ndipo gavanala wa bankiyo, Atiur Rahman, anatula pansi udindo mu Malichi 2016.

Pulogalamu yotseka makina n'kumafuna dipo ya WannaCry inafalikira Lachisanu pa 12 Meyi 2017 ndipo inakhudza maiko pafupifupi 150. Ku England inasokoneza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mabungwe oyendetsa zipatala za boma, ndipo maulendo okaonana ndi madokotala okwana pafupifupi 19,000 analephereka. Mchaka cha 2021 ku America, kampani ya mapaipi a mafuta ya Colonial Pipeline, kampani ya nyama ya JBS ndi kampani ya mapulogalamu ya Kaseya zinachitidwa chipongwe kumapeto kwa sabata kapena chakufupi ndi masiku a tchuthi. Izi zinachititsa kuti mu Ogasiti 2021 nthambi za FBI ndi CISA zitulutse chenjezo lapadera lokhudza masiku opuma.

Kwa wogwira ntchito, izi zikutanthauza kuti ngakhale ali kunyumba, ku tchalitchi kapena ku ukwati, foni imayenera kukhala pafupi. Thupi la munthu wodikira kuitanidwa nthawi iliyonse silipuma mokwanira ngakhale foniyo itapanda kulira.

Nthawi zina chomwe chimasokoneza anthu ndi mpata womwe wapezeka m'pulogalamu yogwiritsidwa ntchito paliponse. Mu Disembala 2021, patangotsala masabata awiri kuti Khirisimasi ifike, kunalengezedwa za mpata woopsa m'kapulogalamu kotchedwa Log4j, komwe kamapezeka mkati mwa mapulogalamu ena ambirimbiri. Akatswiri pa dziko lonse anagwira ntchito usana ndi usiku kufunafuna komwe kapulogalamuko kabisala m'makina awo. Bodi yomwe boma la America linakhazikitsa kuti iunike nkhaniyi inanena mu Julayi 2022 kuti unduna umodzi wokha unathera maola 33,000 pa vutoli, ndipo inachenjeza kuti mpatawo udzapezekabe m'makina ena kwa zaka khumi kapena kuposerapo.

Kuchepa kwa antchito

Bungwe la akatswiri a chitetezo cha makompyuta la ISC2 linayerekeza mchaka cha 2023 kuti anthu ogwira ntchitoyi pa dziko lonse analipo 5.5 miliyoni, ndipo kuti pankafunika ena pafupifupi 4 miliyoni kuti mabungwe atetezedwe mokwanira. Mchaka cha 2024 bungweli linati kupelewerako kunafika pa 4.8 miliyoni.

Masamu a mashifiti amaonetsa kukula kwa vutoli. Sabata imodzi ili ndi maola 168. Ngati munthu amagwira maola 40 pa sabata, pamafunika anthu oposa anayi kuti mpando umodzi ukhale ndi munthu nthawi zonse, ndipo tikawerengera tchuthi, matenda, maliro ndi maphunziro, chiwerengerocho chimafika pa anthu asanu kapena kuposerapo. Bungwe lomwe lalemba anthu awiri n'kumayembekezera ulonda wa usana ndi usiku limakhala likudalira kuti anthuwo asamagone.

Vutoli limadzikulitsa lokha. Mmodzi akatopa n'kusiya ntchito, katundu wake amagawidwa kwa otsala, omwe nawonso amatopa msanga. Wolowa m'malo amatenga miyezi kuti adziwe makina a bungwelo, ndipo omuphunzitsa ndi omwe atopa kale aja. Popeza ntchitoyi itha kugwiridwa munthu ali kutali, akatswiri a m'maiko osauka amakopedwa mosavuta ndi mabanki, makampani a lamya kapena makampani akunja omwe amalipira bwino kuposa boma.

Ntchito yosaoneka ndi mantha a mlandu

Katswiri wa chitetezo akagwira bwino ntchito palibe chomwe chimachitika, ndipo akuluakulu amatha kuganiza kuti ndalama zomwe zimapita ku nthambiyo zikungoonongeka. Chiwembu chimodzi chikatheka, dzina lake ndi lomwe limatchulidwa koyamba, ngakhale zitakhala kuti iye anapempha kale ndalama zogulira zipangizo koma anakanizidwa. Komanso antchito anzake amamuona ngati wovuta, poti ndi amene amaletsa mapulogalamu ena ndi kukakamiza anthu kusintha nambala zachinsinsi.

Malamulo nawo afupikitsa nthawi yochitira zinthu. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la maiko a ku Ulaya, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, limafuna kuti bungwe linene za kubedwa kwa uthenga pasanathe maola 72. Ku India, lamulo la mchaka cha 2022 linapereka maola 6 okha. Nthawi yomwe akatswiri akulimbana ndi chiwembu ndi yomwenso amayenera kulemba malipoti olondola omwe akhoza kudzagwiritsidwa ntchito ku khoti.

Milandu iwiri ya ku America inaonjezera mantha pakati pa akuluakulu a chitetezo. Mu Okutobala 2022 khoti linapeza Joe Sullivan, yemwe anali mkulu wa chitetezo ku kampani ya Uber, wolakwa pa mlandu wobisa za kubedwa kwa uthenga wa anthu 57 miliyoni komwe kunachitika mchaka cha 2016, ndipo mu Meyi 2023 anapatsidwa chilango cha zaka zitatu akuyang'aniridwa ali kunja kwa ndende. Mu Okutobala 2023 bungwe loyang'anira misika ya masheya la SEC linasumira kampani ya SolarWinds pamodzi ndi mkulu wake wa chitetezo, Timothy Brown, kutsatira chiwembu chomwe chinadziwika mu Disembala 2020. Khoti linakana mbali yaikulu ya mlanduwo mu Julayi 2024, ndipo SEC inautaya mu Novembala 2025. Ngakhale mlandu wachiwiriwu unatha motero, milanduyi inaphunzitsa akatswiri kuti zigamulo za pa ntchito zikhoza kuwatsata iwo eni mpaka ku khoti.

Zomwe ofufuza za ntchito anapeza

Mchaka cha 1979 Robert Karasek anafotokoza kuti ntchito yovulaza kwambiri ndi yomwe imafuna zambiri kwa munthu koma osamupatsa mphamvu zogamula momwe angaigwirire. Kafukufuku wa Whitehall wachiwiri, yemwe anayamba mchaka cha 1985 motsogozedwa ndi Michael Marmot pakati pa ogwira ntchito m'boma oposa 10,000 ku London, anapeza kuti omwe anali ndi mphamvu zochepa pa kagwiridwe ka ntchito yawo ankadwala matenda a mtima kuposa anzawo. Mchaka cha 1996 Johannes Siegrist wa ku Germany anaonjezera kuti thanzi limaonongekanso pamene khama la munthu silikugwirizana ndi mphotho yomwe amalandira, kaya ndi malipiro, ulemu kapena mwayi wokwezedwa.

Maslach ndi mnzake Michael Leiter anatchula mbali zisanu ndi imodzi zomwe zikasokonekera zimabweretsa kutoperatu: kuchuluka kwa ntchito, mphamvu zogamula, mphotho, ubale ndi anzako, chilungamo, ndi kugwirizana kwa zomwe munthu amakhulupirira ndi zomwe bungwe limachita. Ntchito yoteteza makompyuta imakhudzidwa pafupifupi mbali zonsezi. Nthawi yogwira ntchito imasankhidwa ndi mbava, ndalama zimagamulidwa ndi ena, ndipo katswiri amauzidwa nthawi zina kuti angolekerera mpata womwe iye akudziwa kuti ndi woopsa.

Zotsatira pa thanzi

Mu Meyi 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti mchaka cha 2016 anthu 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima kamba kogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40, chiopsezo cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti, ndipo chiopsezo chomwalira ndi matenda a mtima chimakwera ndi 17 peresenti. Mchaka cha 2022 mabungwe omwewa anati masiku ogwira ntchito okwana 12 biliyoni amatayika chaka chilichonse chifukwa cha matenda a nkhawa ndi kukhumudwa.

Mashifiti a usiku ali ndi vuto lakelake chifukwa amasokoneza nthawi yomwe thupi linazolowera kugona. Nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zomwe zikuganiziridwa kuti zimayambitsa khansa mchaka cha 2007, ndipo inabwerezanso mfundoyi mchaka cha 2019. Kafukufuku wa Drew Dawson ndi Kathryn Reid wa ku Australia mchaka cha 1997 anasonyeza kuti munthu yemwe wakhala maso kwa maola 17 amachita zinthu mofanana ndi yemwe wamwa mowa pang'ono, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi woledzera yemwe malamulo a maiko ambiri samulola kuyendetsa galimoto. Pa nthawi ya chiwembu, zigamulo zikuluzikulu zimapangidwa ndi anthu omwe afika pamenepa.

Zotsatira pa chitetezo cha bungwe

Mchaka cha 2018 Celeste Lyn Paul ndi Josiah Dykstra, omwe ankagwira ntchito ku nthambi ya zachitetezo ya NSA ku America, anafalitsa zotsatira za kafukufuku pakati pa akatswiri a nthambiyo, zomwe zinasonyeza kuti kutopa ndi kukhumudwa zinkakwera pamene ntchito imodzi ikupitirira kwa maola angapo. Munthu wotopa amatseka chenjezo asanaliunike bwino, amazengereza kutseka mipata yodziwika, ndipo amaleka kulemba zomwe wasintha pa makina.

Nkhani ya pulogalamu ya xz Utils inaonetsa kuti achiwembu akhoza kugwiritsa ntchito kutopa kwa munthu ngati khomo lolowera. Pulogalamuyi imapezeka m'makompyuta ambiri oyendera Linux, ndipo kwa zaka zambiri inkasamalidwa ndi munthu mmodzi wongodzipereka, wosalandira malipiro. Mchaka cha 2022 munthuyo ananena poyera kuti mphamvu zake zachepa, pamene anthu ena osadziwika ankamupanikiza kuti apereke udindo kwa wina. Munthu wina wogwiritsa ntchito dzina lakuti Jia Tan, yemwe ankaoneka ngati wothandiza, anapatsidwa mphamvu zosintha pulogalamuyo, ndipo kumayambiriro kwa 2024 anabisamo njira yolowera mwachinsinsi m'makompyuta a anthu. Chiwembucho chinaululidwa pa 29 Malichi 2024 ndi Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, yemwe anadabwa kuona makina ake akuchedwa ndi theka la sekondi. Chikanapanda kuoneka msanga chikanafalikira m'makina a maboma ndi makampani pa dziko lonse.

Zizindikiro zofunika kuziona

Oyang'anira antchito ayenera kukhala tcheru akaona munthu yemwe anali wachangu wayamba kuchedwa ndi kujomba, kupsa mtima msanga, kudzipatula kwa anzake, kulakwitsa zinthu zing'onozing'ono zomwe kale sankalakwitsa, kapena kuyankhula mosonyeza kuti palibe chomwe chingasinthe. Ena amadandaula za kusowa tulo, kupweteka kwa mutu, kuthamanga kwa magazi ndi kuiwalaiwala, ndipo ena amayamba kumwa mowa kwambiri. Kukana kupita kutchuthi poopa kuti zinthu zisokonekera nachonso ndi chizindikiro, chifukwa chimasonyeza kuti bungwe lonse latsamira pa munthu mmodzi.

Popeza zizindikiro zina zimafanana ndi za matenda a kukhumudwa kapena matenda ena a m'thupi, munthu yemwe zafika pomusowetsa tulo kwa masabata angapo, kapena yemwe wayamba kuganiza zodzipha, ayenera kukaonana ndi achipatala mwamsanga.

Njira zochepetsera vutoli

Njira yoyamba ndi kuchepetsa machenjezo opanda pake. Nthambi ya chitetezo iyenera kupatsidwa nthawi younikanso mapulogalamu ake, kuchotsa machenjezo omwe sanathandizepo, ndi kusiyira makina ntchito zobwerezabwereza, kuti anthu atsale ndi zomwe zimafunadi nzeru za munthu.

Yachiwiri ndi kuika malire pa ntchito yodikira kuitanidwa. M'buku lomwe mainjiniya a kampani ya Google anatulutsa mchaka cha 2016 lofotokoza momwe amayendetsera makina awo, anati injiniya asathere nthawi yoposa 25 peresenti akudikira kuitanidwa, ngozi zisapose ziwiri pa shifiti ya maola 12, ndipo gulu lolondera usana ndi usiku kuchokera pa malo amodzi likhale ndi anthu osachepera asanu ndi atatu. Mfundozi zinalembedwera osamalira makina, koma magulu ambiri a chitetezo anazitengera. Mabungwe omwe sangakwanitse chiwerengerochi atha kuphatikiza mphamvu n'kukhala ndi gulu limodzi lolondera maunduna angapo, kapena kugula ntchito ya ulonda wa usiku ku kampani ina.

Yachitatu ndi kuunika ngozi popanda kusaka woti amudzudzule. Cholinga cha kafukufuku wotsatira chiwembu chiyenera kukhala kupeza chomwe chinalola kuti cholakwikacho chichitike. Anthu akamaopa chilango amabisa zolakwika, ndipo cholakwika chobisika chimapatsa mbava nthawi. Izi sizichotsa chilango kwa yemwe wachita dala zachinyengo.

Yachinayi ndi kulemba momveka bwino yemwe wavomereza chiopsezo. Katswiri akapempha ndalama zotsekera mpata ndipo akuluakulu aona kuti ndalamazo palibe, chigamulocho chilembedwe ndi kusainidwa ndi mkulu woyenera, kuti katundu asatsalire pa mutu wa wantchito wapansi.

Yachisanu ndi kupuma kwenikweni. Pambuyo pa ngozi yaikulu, omwe anagwira ntchito usiku apatsidwe masiku opuma, ndipo mkati mwa ngoziyo pakhale kusinthana. Dziko la France linakhazikitsa ufulu wosayankha za kuntchito pa nthawi yopuma kuyambira pa 1 Januwale 2017, ndipo dziko la Australia linachitanso chimodzimodzi mu Ogasiti 2024. Bungwe lokhazikitsa miyezo la ISO linatulutsa mchaka cha 2021 ndondomeko ya ISO 45003 yothandiza olemba ntchito kuunika zinthu zovulaza maganizo a antchito monga momwe amaunikira ngozi za moto kapena za makina. Ku Australia kunakhazikitsidwanso mchaka cha 2022 bungwe la Cybermindz, lomwe limathandiza makamaka akatswiri a chitetezo cha makompyuta pa nkhani za umoyo wa m'maganizo.

Nkhaniyi kuno ku Malawi

Lamulo la zochitika pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta la mchaka cha 2016 linakhazikitsa gulu lothana ndi ngozi za pa makompyuta la Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA, ndipo lamulo loteteza uthenga wa anthu la mchaka cha 2024 linaonjezera udindo wa onse osunga uthenga wa nzika. Mu Febuluwale 2024 yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira ziphaso zoyendera analowedwa ndi achiwembu omwe ankafuna dipo, ndipo ntchito yopereka ziphasozo inaima kwa masabata angapo. Izi zinasonyeza kuti makina amodzi akaima, ophunzira, amalonda ndi odwala ofuna kupita kunja amavutika nthawi yomweyo.

Pamene ntchito zambiri za boma, monga kulipira malipiro, kutolera msonkho ndi kulembetsa nzika, zikudalira makompyuta, katundu wa maofisala a nthambi za luso lamakono akunka nakula. Lamulo la ntchito la mchaka cha 2000 limaika maola 48 ngati malire a sabata yogwira ntchito. Mlembi wamkulu, bwanamkubwa kapena mkulu wa nthambi yemwe akufuna kudziwa ngati ofesi yake ili pa chiopsezo atha kuyamba ndi mafunso ochepa: ndi anthu angati omwe amadziwa kuyendetsa makina ofunika kwambiri, ndani amayankha foni usiku wa Loweruka, munthuyo anapita liti kutchuthi komaliza, ndipo ndi zopempha zingati za nthambiyo zomwe zinakanidwa mu bajeti yapitayi. Ngati dzina la munthu mmodzi ndi lomwe likubwera pa mafunso awiri oyambawo, ofesiyo iyenera kuyamba kuphunzitsa wachiwiri ndi kulemba ndondomeko ya makina onse munthuyo asanadwale kapena kupeza ntchito kwina.